Usadzabwere Wapansi

Tsiku limene ndinatsimikiza zopita ku Joni kukaphunzira kuyendetsa ndege ndi tsiku lomwelonso limene ndinayambana ndi malume anga, a Mwale. Tinali m'chigafa kwathu ku Chamama, fodya ali lendelende pamikangala pamwamba pa mitu yathu. Amayi anali pamphasa akusoka masamba, mng'ono wanga Esinati akuwapatsira. Ine ndinali nditangofika kuchokera ku Lilongwe, kumene ndinkagwira ntchito pa kakampani kena ka tindege tonyamula alendo okaona nyama. Ntchito yanga kumeneko inali yoyeza zikwama pasikelo ndi kumwetulira azungu. Ndinayeza zikwamazo zaka zingapo, uku ndikuona anthu a miyendo iwiri ngati ine ndemwe akukhala pampando wakutsogolo n'kuuluka, mpaka mtima wanga unatopa nako kumwetulirako.

Njira zophunzirira ntchito imeneyi zilipo ziwiri, ndipo mkangano wathu unagona pamenepo. Yoyamba ndi yolowa sukulu kamodzin'kamodzi: umalipira maphunziro onse, umavala yunifolomu kuyambira tsiku loyamba, sugwira ntchito ina iliyonse, ndipo zisanathe zaka ziwiri umatuluka ndi laisensi yoti kampani ikhoza kukulemba ntchito. Yachiwiri ndi yoduladula. Umayamba ndi laisensi yaing'ono yongokulola kuuluka popanda kulipidwa. Ndalama zikatha umatsika n'kukagwira ntchito. Zikapezeka umabwerera kukawonjezera maola a mumlengalenga, kenako mayeso, kenako laisensi yaikulu, mpaka kumaliza ngati Mulungu ndi thumba alola. Yoyambayo ndi yachangu koma imafuna ndalama zonse pamodzi. Yachiwiriyo ikhoza kukudyera unyamata wonse.

Malume anali atandisankhira kale yoyamba. Bambo anga anamwalira ndili ku pulayimale, ndipo kwathu mwini mbumba ndi malume: za ukwati, za maliro, za minda, zonse zimathera pakamwa pawo. Anali atapeza munthu wina wa m'tauni amene ankagula malo oti atsegulepo esiteti. Munthuyo anakonda munda wathu waukulu wa kumtunda kwa dambo, umene agogo aakazi anasiyira amayi, wosalala bwino, wopanda mwala, umene fodya wake anthu ankaima panjira kuti amuone. Pophatikiza ndi ng'ombe, malume anati ndalama zikwana.

Chimene chinawakankha kwenikweni chinali china. A Idrisa, amene ali ndi golosale yaikulu pa Chamama, anali atagulitsa lole yawo ndi sitolo yawo ina ya ku Mtunthama kuti mwana wawo Rashidi, mnzanga wa kusekondale, akalowe sukulu ya kamodzin'kamodzi ija. Malume sakanalola kuti mwana wa wogulitsa mchere auluke, mwana wa mlongo wawo akuyezabe zikwama. Asanandifunse n'komwe, anali atalengeza kale pakhonde la golosaleyo kuti nakonso kwawo kutuluka payiloti, wamkazi ndithu.

"Munda ndaupezera wogula," anatero tsikulo atakhala pachitsa. "Upite, ukaphunzire zonse kamodzi, ubwere ndi nyota za upayiloti paphewa. Zomangodontha ngati mpopi wakufa sindikuzifuna."

"Zikomo, Malume, koma munda ayi," ndinayankha nditagwada. "Mukagulitsa, amayi azikalima kuti? Ana amene Esinati adzabereke adzadya chiyani? Nanga ndikakalephera mayeso, kapena dokotala akadzandipeza ndi vuto la maso chaka chamawa? Ndidzabwera wopanda ndege, wopandanso munda."

Ndikanalekera pomwepo mwina bwenzi zitatha bwino, koma pakamwa panga sipadziwa poimira. Ndinaloza fodya uja n'kunena kuti, "Inu nomwe simuthyola fodya yense tsiku limodzi. Mumayamba masamba a m'munsi, kudikira ena akhwime, n'kumakwera pang'onopang'ono. Inenso ndithyola choncho."

Amayi anasiya kusoka. Malume anaimirira mpaka mutu wawo unagunda masamba.

"Iwe Tiyamike, ukundiphunzitsa fodya ine? Ndakupatsa munda wa amayi anga m'manja, iwe n'kundibwezera pamaso pa anthu? Chabwino. Pita njira yakoyo. Koma undimvetsetse: pakhomo pano usadzabwere wapansi. Ukalephera kubwera pandege, ukakhale komweko."

Ndinanyamuka fodya atapita kumsika. Malume sanabwere kudzatsanzikana nane. Amayi anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo matola itaima anandigwira mkono. "Mawu a mkwiyo aja usawasunge, mwana wanga," anatero. "Achimwene amapsa mtima msanga, sachedwanso kuzizira." Koma ine ndi malume magazi ndi amodzi. Mawuwo ndinawasunga, ndipo ndinawaletsa amayi ndi Esinati kunditchulira dzina la malume pafoni.

Masiku ano achinyamata amandilembera kundifunsa sukulu yabwino, ndipo ambiri amatumiza zithunzi za ndege zonyezimira zimene aona pafoni. Ine sindinasankhe sukulu chifukwa cha zithunzi. Ndinayamba ndapita kwa dokotala wa oyendetsa ndege kuti andiyeze maso, makutu ndi mtima ndisanataye ngakhale tambala. Kenako ndinayendera masukulu angapo, kumacheza ndi ophunzira kuseri, osati ndi mabwana a muofesi, kufunsa ngati ndege zimakhala zamoyo ndiponso ngati aphunzitsi amakhalitsa. Sukulu ina inandiuza kuti ndikalipiriratu zonse anditsitsira mtengo. Imeneyo ndinaithawa. Mwana wa mlimi wa fodya amadziwa mmene zimathera ukapereka zako zonse kwa munthu wolankhula bwino n'kumadikira. Ndinasankha kasukulu ka pa kabwalo kena kunja kwa mzinda, pakati pa minda ya chimanga, kamene kankalola kulipira ulendo uliwonse ukatsika.

Ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa nyumba ya mayi wina wachikulire, muli bedi, kambaula ndi mabuku basi. Pakati pa sabata ndinkatsuka ndege ndi kuthandiza mu ofesi ya sukuluyo. Loweruka ndinkayenda m'makomboni kuluka tsitsi azimayi a ku Malawi. Manja omwewo oluka tsitsi ndi amene ankagwira chiwongolero cha ndege Lolemba. Kuzizira kwa mu Juni kumeneko si kwa ku Kasungu ayi, kumalowa m'mafupa n'kukhazikika. Koma choposa kuzizira chinali kusowa wolankhula naye. Masiku ena ndinkazindikira dzuwa likulowa kuti tsiku lonse sindinatulutse liwu ngakhale limodzi la Chichewa, ndiye m'mawa ndinkalankhula ndi ndege ndikuitsuka, kuifunsa ngati yadzuka bwino.

Tsiku limene mphunzitsi anatsika n'kundiuza kuti ndizungulire bwalo ndekha, ndinauluka ndikuimba nyimbo ya kwaya ya kutchalitchi kwathu mokweza. Nditatera anzanga anandithira madzi monga amachitira kumeneko. Ndinathamangira kuseri ndili chinyowere kukaimbira amayi.

"Amayi, lero ndauluka ndekha!"

"Wekha? Nanga aphunzitsi anali kuti?"

"Anali pansi, akundionerera."

"Ndiye ukuwalipira za chiyani anthu amenewo?"

Kenako ndinawamva akuitana Esinati, ndipo nthungululu inalira mpaka mayunitsi anandithera.

Chaka chotsatira ndalama zimene ndinasunga ku Lilongwe zinatha psiti. Apa m'pamene njira yoduladula imawawira. Ndinakhala miyezi yambirimbiri osauluka, ndikutsuka ndege zoti ena aulukire. Ukabwerera patapita nthawi manja amakhala atauma, ndiye umalipiranso kuphunzira zimene unkazidziwa kale. Anthu oyamikira njira imeneyi kuti ndi yotchipa satchula zimenezi. Satchulanso kuti palibe wokukankha. Mabuku a zanyengo, a malamulo, a injini, umawerenga wekha utatopa kale ndi ntchito, ndipo ukawasiya palibe amene adzakufunse.

Nthawi imeneyo n'kuti Rashidi atamaliza. Esinati ananditumizira chithunzi chake ali pakhonde la golosale ya bambo ake tsiku la Idi, malaya oyera mbee, nyota paphewa, anthu atamuunjirira. Sindibisa, nsanje inandigwira ndipo ndinalira. Ndinadzifunsa ngati sindinali chitsiru chodzikuza chabe. Munda unalipo, inde, koma ine m'manja ndinali ndi chidebe ndi chinkhupule. Ku Chamama anali atandipatsa kale dzina, ankanditcha payiloti wa nkhuku, woti mapiko ali nawo koma amathera padenga la khola.

Rashidi yemweyo ndi amene anandilimbitsa mtima. Atabwerera ku Joni kudzafuna ntchito, anandipeza pabwalo paja atanyamula katoni ya mabuku ake onse kuti andipatse. Laisensi anali nayo, koma maola ake anali ochepa, ndipo makampani ankangomuuza kuti adikire. "Tiya, usandisirire," anatero. "Ine ndafika msanga, koma bambo anga katundu wa m'golosale akumutengera pa kabaza chifukwa cha ine. Foni ikalira kuchokera kumudzi mtima umagunda. Iwe ukuchedwa, koma palibe amene wasauka chifukwa cha iwe." Anadikira nthawi yaitali ndithu, koma ntchito anaipeza. Lero akuyendetsa ndege zikuluzikulu za anthu ambiri, ndipo bambo ake anagula lole ina. Njira yake sinali yolakwika ayi. Inali ya anthu a sitolo ziwiri, pamene ife tinali ndi munda umodzi.

Komabe kunena kuti palibe anavutika chifukwa cha ine kungakhale kunama. Munthu ukakhala ku Joni, kumudzi amadziwa kuti ndalama umachita kutola pamsewu. Mauthenga ankabwera: feteleza wakwera, denga likudontha, mwana wa uje wadwala. Nthawi zina ndinkatumiza, nthawi zambiri ayi. Chaka china ndalama zimene ndinali nazo zinali zokwana chinthu chimodzi, feteleza wa amayi kapena mayeso ouluka m'mitambo, mmene suona pansi kapena kumwamba koma kudalira zida za m'ndege zokha. Ndinasankha mayeso. Chimanga cha amayi chaka chimenecho chinachita chikasu, ndipo Esinati sanandiyankhe mauthenga mpaka Pasaka. Mayesowo ndinakhoza ulendo woyamba, chifukwa ndinkadziwa amene anawalipira.

Laisensi yaikulu nditaipeza, sindinathamangire kukagogoda ku makampani. Ndinali nditaona zimene zinamuchitikira Rashidi. Ndinaphunzira uphunzitsi, kuti maola aziwonjezeka wina akundilipira m'malo moti ine ndizilipira. Ndinaphunzitsa ana a anthu olemera, ena a iwo amene ankandiona ndikutsuka ndege, ndipo ndikati "bwereza" ankabwereza. Kenako ndinapita ku Botswana kukayendetsa tindege ta alendo, kumatera pa mabwalo a fumbi pamene umayamba wazungulira kuti mbidzi zichokepo. Uko n'kumene ndinaphunzira kuuluka kwenikweni. Kumenekonso n'kumene ndinayamba kutumiza ndalama za feteleza amayi asanapemphe, ndipo denga lija linasiya kudontha.

Pomaliza kampani ina ya majeti aing'ono obwereka, onyamula anthu a bizinesi ndi mabanja awo, inanditenga n'kundiphunzitsa ndege yawo. Anzanga ena amandifunsa kuti bwanji osapita ku ndege zikuluzikulu, kumene umadziwiratu maulendo ako mwezi usanayambe. Ine ya jeti yaing'onoyi ndi imene inandikomera. Lero uli kuno, mawa uli pabwalo limene sunalionepo, ndipo zonse umazionera wekha, mafuta, nyengo, ngakhale chakudya cha alendo. Zikwama ndimayezabe ndi kunyamula, kumwetuliranso ndimamwetulira. Kusiyana kwake n'kwakuti ndikatseka chitseko ndimakakhala kutsogolo.

Zaka zonsezi, pafupifupi khumi, kumudzi sindinapondeko. Ndikabwera ku Malawi ndinkathera ku Lilongwe, amayi ndi Esinati n'kudzandipeza komweko. Ukwati wa Esinati ndinauonera pafoni, ndili ndekha m'chipinda, nditavala diresi latsopano ngati wopenga. Ulendo wina ku Lilongwe iye anayamba kunena kuti, "Achemwali, mukanaona zimene akuchita a Malume kumunda, anthu akungoseka." Ndinamudula pomwepo. Ndinati za munthu ameneyo sindikufuna kumva. Amayi anangopukusa mutu n'kunena kuti awiri inu akuonani ndi Mulungu yekha.

Mu Malichi chaka chatha tinali ndi ulendo wochokera ku Nairobi kupita ku Lilongwe. Kanali koyamba kulowa m'dziko langa ndili pampando wakutsogolo. Mvula inali itangokata, kunja kukuoneka patali. Titayamba kutsika ndinaona phiri la Kasungu chakumanja lili lokhalokha pachigwa, kenako madambo ndi minda yobiriwira mpaka kumene maso amalekeza. Ndinafunafuna Chamama. Ndinapeza malata a pamsika akunyezimira, msewu wofiira, dambo lathu lopindika. Ndipo kumtunda kwa dambolo, pakati pa zobiriwira, panali kamzere kotuwa, kowongoka bwino. Kaputeni wanga, mzungu wa imvi amene wauluka mayiko ambiri kuno, anasuzumira n'kufunsa ngati kameneko ndi kabwalo ka ndege. Anayang'ana pamapu, sanakapeze. Ndinati mwina ndi ka esiteti ina yatsopano. Nditangotero ndinakumbukira munthu wofuna kutsegula esiteti uja. Ndinaganiza kuti basi, malume anagulitsa munda uja ine nditachoka, wa esiteti wakonzapo potera pake, ndipo amayi akhala akundibisira. Ngati zinali choncho, zaka zanga zonse zotsuka ndege zinali zopanda pake. Ndegeyo ndinaiteretsa bwinobwino, koma sindinafunse aliyense. Ndinaopa yankho.

Mu Okutobala Esinati ananditumizira mawu pafoni. "Achemwali, mundikalipire ngati mukufuna, koma a Malume miyendo yatupa, sakuyendanso. Ngati muli ndi mawu oti muwauze, bwerani mvula isanagwe." Ndinapempha tchuthi. Ndege ya eni ake sindikanaitenga ngati njinga yobwereka kwa mnansi. Ndinakwera basi mpaka pa boma pa Kasungu, kenako matola mpaka pa Chamama. Kuseri kwa golosale ya a Idrisa ndinavala yunifolomu n'kumanga chitenje pamwamba pa thalauza, chifukwa kaya uli ndi nyota kaya ulibe, kwa malume sungafike ndi thalauza poyera.

A Idrisa atandiona anaomba m'manja. "Ha! Mwini bwalo wafika! Nanga ndege mwaisiya kuti, mama? Anzanu akhala akulambula zaka zonsezi." Anthu a pakhonde anaseka. Ine sindinamve chimene ankatanthauza, ndinangoseka nawo mwaulemu. Njinga yamoto inanditula pa kamlatho ka mitengo kamene kanathyoka, ndipo kuchokera pamenepo ndinayenda wapansi, nsapato zakuda zija zitafiira ndi fumbi. Mawu a m'chigafa aja ankandilira m'khutu njira yonse.

Njira yakwathu imadutsa m'mphepete mwa munda uja. Nditafika pa mtengo wa mango wa pamalire ndinaima. Panalibe waya wa esiteti, panalibe chikwangwani. Mbali zonse ziwiri kunali mizere yathu yakale ndi mapesi, ndipo Esinati ndi mwamuna wake anali chakumunsi akusosa. Koma pakati penipeni pa munda, pa nthaka yabwino kuposa yonse, mizere inali itafafanizidwa. Kuchokera pa mango mpaka kudambo panali posalala, potsendereka, popanda chitsa kapena udzu. Chulu chachikulu chimene tinkasewerapo tili ana chinali chitagumulidwa. M'mbali anandandalikamo njerwa zopaka laimu. Kumapeto kunali nsungwi yaitali, pamwamba pake atamangirirapo thumba la feteleza loboola mbali zonse ziwiri, likupepeluka ndi mphepo.

Amayi anandipeza nditaima pomwepo. Titatha kulira ndi kukumbatirana, ndinangoloza malo osalalawo.

"Ntchito ya malume ako imeneyo," anatero. "Anayamba chaka chimene unauluka wekha chija. Anapalasa njinga mpaka pa boma kukaona mmene bwalo la ndege limakhalira, anabwera, anatenga khasu. Chaka chilichonse mvula ikameretsa udzu, iwo ankalambula. Tinawachonderera kuti tibzalepo ngakhale mtedza, anakana. Ankati mwana akadzafika adzatera pati?"

"Nanga osangondiimbira foni, amayi, n'kunena kuti bwera?"

"Achimwene akupepese iwe? Mwana? Mawu analankhula pamaso pa anthu, sakanawabweza. Ndiye anaona kuti chosavuta n'kukukonzera potera, kuti ubwere monga ananenera."

Ndinawapeza atakhala pampando pakhonde, atayang'ana kumunda, miyendo ili pa kabenchi. Anali atachepa thupi kwambiri. Anthu anali atayamba kale kusonkhana, ena ochita kunditsatira kuchokera ku golosale kuja, ofuna kuona mathero ake. Ndinagwada chapatali. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira pa nyota mpaka ku nsapato.

"Wabwera bwanji?"

"Wapansi, Malume."

Anatembenuza mutu kuyang'ana nsungwi ija ndi thumba lake.

"Bwaloli lachepa?" anafunsa motsitsa mawu.

Ndikanatha kunama kuti ndege yawonongeka, ndidzabwera nayo ulendo wina. Koma akanapitiriza kutuma anthu kulambula, ndipo nthaka ikanagonanso chaka china. Ndinawauza zoona. Ndinati ndege imene ndimayendetsa imafuna msewu wa phula wautali ngati kuchokera pano mpaka kutchalitchi, ndi yolemera moti ingatitimire m'dothi, ndi ya eni ake, ndipo ngakhale kandege kakang'ono sindingangotera nako pamalo amene a boma sanawayeze. Ndikulankhula, nkhope yawo inkagwa. Kumbuyo wina anatsokomola moseka. Mtima unandipweteka koopsa kuona munthu wonyada chonchija akuchita manyazi pamaso pa anthu omwe akhala akumuseka zaka zonsezi.

Ndiye ndinakweza mawu kuti ndi a kumbuyo omwe amve. "Koma ndinaliona, Malume. Mu Malichi ndinadutsa pamwamba pano ndikuchokera ku Kenya. Nyumba za m'mudzi muno sizioneka, msika wa Chamama ndi kadontho chabe. Chimene chimaoneka ndi bwalo lanu. Kaputeni wanga, mzungu wa imvi, analiona n'kuyamba kulifunafuna pamapu."

Malume anaweramira kutsogolo. "Likuoneka kumwambako?"

"Likuoneka."

"Lowongoka?"

"Ngati lojambula ndi rula, Malume."

"Mzunguyo analifuna pamapu?"

"Analifuna."

Anatembenuka pang'onopang'ono n'kuyang'ana anthu aja mmodzimmodzi. "Mwamva inu? Kapena abwereze?" Palibe anatsokomolanso. Kenako anatambasula dzanja, ine ndinasendera ndili chigwadire. Anandigwira paphewa n'kusisita nyota zija ndi chala chachikulu, monga amachitira poyesa tsamba la fodya ngati lauma bwino.

"Ukadali wouma mutu," anatero. "Dzuka, fumbi likuipitsa zovala za ntchito. Amake Tiya, mpatseni madzi mwanayu, wayenda wapansi."

M'mawa mwake analamula kuti awanyamule ndi mpando womwewo mpaka pa mango wa pamalire. Anati poti bwalo laoneka, ntchito yake yatha. Mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mbande za fodya ku nazale zinali pafupi kukhwima. Nthaka yogona zaka zonsezo, anatero, itulutsa fodya woti ku okushoni akaimirira. Esinati anabweretsa makasu, mwamuna wake anayamba kuzula njerwa, ana awo awiri akulimbirana thumba la pansungwi lija.

Ndinavula nsapato, ndinamanga chitenje, ndinatenga khasu. Dothi linali louma gwa, ndipo manja anga anali ataiwala, matuza anatuluka mzere woyamba usanathe. Koma ndinali kulima m'munda wa agogo, wathunthu, malire ake onse ali pomwe ndinawasiya, laisensi yanga ili m'chikwama m'nyumba. Zonse ziwiri ndinali nazo. Sindikumbukira tsiku lina limene ndinanyada ngati limenelo, ngakhale tsiku loyamba kuyendetsa jeti.

"Mzere wakhota uwo!" anakuwa malume. "Kumwambako umayenda choncho?"

Anthu odutsa panjira anaima kuonerera payiloti akuunga mizere pabwalo la ndege. Malume anawakodola kuti asendere. Anatambasula dzanja kuloza munda wonse, kuchokera ku mango mpaka kudambo.

"Mukuona ubwino wosagulitsa munda?" anatero. "Akanakhala ena akanagulitsa kalekale. Ine ndinakana."

Amayi anandiyang'ana, inenso ndinawayang'ana.

"Munachita bwino, Malume," ndinatero, n'kubwerera kukawongola mzere uja.